Madzi Amene Amayi Anawiritsa

Botololo linali lofiirira, la mankhwala a chifuwa akalekale, lalitali ngati kuchokera pa chigongono changa kufika m'manja. Chotsekera chake chinatayika ine ndisanabadwe, choncho amayi ankalitseka ndi chitsononkho chokulunga m'kansanza. M'khosi mwake anamangamo luzi kuti munthu azilikoleka paphewa. Likakhala lodzaza linkagunda m'nthiti poyenda, ndipo mpaka lero ndikagonera kumanzere pamakhala pamene pamandikumbutsa.

Ndalikumbuka chifukwa cha kalata imene mdzukulu wanga anabwera nayo kuchokera kusukulu. Ndimakhala kuno ku Bradford, kutsidya la nyanja, ndi mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito kuchipatala. Ananditenga mkazi wanga atamwalira. Kalatayo inati kalasi la mdzukulu wanga likupita kunja, kudziko lina lachipululu, kumene kuli nyumba zoonera nyenyezi pamwamba pa phiri. Kumapeto analemba zoti mwana atenge: chipewa, mafuta odzola a dzuwa, nsapato zolimba, botolo la madzi. M'mawa mwake ndinakwera basi kupita m'tauni, mvula yowaza ija ikugwa, ndipo ndinabwerako ndi mabotolo atatu achitsulo.

"Adadi, mwanayu akupita pa ndege, sakuyenda wapansi," anatero mwana wanga akuseka.

Mdzukulu wanga amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi. Anandifunsa kuti atatu onsewo ndi a chiyani. Ndinangoti kumeneko kumatentha. Zimene ndinalephera kumuyankha ndi zimene ndikulemba pano.

Sukulu ndinayamba mochedwa. Bambo anali ku Joni, kumigodi. Anabwerako kamodzi ndi bulangete ndi sutikesi yachitsulo, nakhala miyezi ingapo, n'kubwereranso, atalonjeza kuti ulendo wachiwiriwo ukhala womaliza. Amene ankalamula pa ife anali amalume, mwini mbumba, ndipo iwo anaona kuti mwana wamwamuna wa mlongo wawo ndi woyenera kuweta ng'ombe zawo. Ndinaweta kuyambira ndili wamng'ono kwambiri moti mwana wa ng'ombe ankandigwetsa. Amayi anachonderera zaka zitatu kuti ndipite kusukulu. Potsiriza amalume anavomera, koma anavomera ndi mawu amene ndinawasunga bwino kuposa phunziro lililonse la m'kalasi.

"Apite. Koma tsiku limene ndidzamve kuti walakwa kanthu, chikwapu chake chikumudikira kukhola."

Motero ndinalowa kalasi limodzi ndi mlongo wanga, amene ndinkamuposa ndi zaka zinayi kapena zisanu. Nyengo imene ndikunenayi ndinali ndi zaka mwina khumi ndi ziwiri. Palibe analemba tsiku langa lobadwa. Pa benchi maondo anga ankafika pachifuwa. Ana ankanditchula kuti Agogo. Aphunzitsi akafunsa funso ine n'kulephera, wina kumbuyo ankanong'ona kuti, "Asiyeni agogo, aiwala magalasi." Lero mdzukulu wanga akandiitana ndi dzina lomwelo mwachikondi, nthawi zina ndimachedwa kuyankha.

Mlongo wanga ndiye anali wanzeru. Ankamaliza masamu ake pa sileti, n'kuipendeketsa pang'ono kuti ndione. Koma anali wa m'mimba mofooka. Dzinja la chaka chimenecho anadwala kwambiri, ndipo namwino wa kuchipatala chaching'ono anauza amayi kuti mwanayo asamwenso madzi osawiritsa. Amayi anamvera ngati lamulo la Mulungu. M'mawa uliwonse ankawiritsa madzi m'kamphika kake kapadera, n'kuwasiya kuti azizire, n'kuwathira m'botolo lija. Akazi anzawo ankawaseka kuti amaphika tiyi wopanda masamba. Nkhuni amayi ankatola zowirikiza, ndipo mwanayo ananenepa.

Aphunzitsi athu anali mnyamata wongochoka kumene kumaphunziro, wa malaya oyera amene ankachapa yekha. Anali ndi buku limodzi la zithunzi. Pa tsamba lina panali chipululu, mchenga wokhawokha ndi ngamila itaima pakati. Pa tsamba lina panali mwezi. Anatiuza kuti kumishoni kumene iwo anaphunzira, paphiri la tsidya lina la chigwa, kuli wansembe wachizungu amene ali ndi chida chotchedwa telesikopu, ndipo munthu akasuzumiramo amaona mwezi ngati uli kuseri kwa nkhokwe. Analemba kalata, wansembeyo anavomera, ndipo anapangana ndi dalaivala wa lole ya thonje imene inkatsikira kuchigwa yopanda katundu.

Makolo ambiri anakana poyamba. Amalume anati, "Nyenyezi zili pompano pamwamba pa khola langa. Akazione kutali ngati kuno zinatha?" Koma aphunzitsi anayenda khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja, mpaka anthu anatopa nawo. Sindiwaimba mlandu. Anali munthu amene anaona chinthu chokongola n'kulephera kuchisunga yekha.

Tinanyamuka mu Okutobala, mvula isanaonetse ngakhale kamtambo. M'mawa umenewo amayi anatiperekeza mpaka pamsewu. Anapatsa mlongo wanga kamtolo ka chinangwa chootcha, ndipo ine anandikoleka botolo lija paphewa ndi manja awo.

"Madzi awa ndi a mlongo wako. Iwe ndiwe wamkulu, ukamwa alionse. Iyeyu asakamwe ena."

Kenaka anatembenukira kwa mwanayo. "Wamva? A m'botolo muno okha."

"Ndamva, amayi."

Kwathu kunali kumapiri, kozizirirapo. Pamene lole inkatsika, mpweya unasintha ngati wina watsegula chitseko cha uvuni. Mitengo ya masamba inatha. Kunatsala minga yotuwa ndi milambe yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, itaima patalipatali. Nthaka inali itang'aluka ming'alu yolowa phazi la mwana. Tinadutsa minda ya thonje yongotsala timitengo touma, ndi ng'ombe zoonekera nthiti zimene sizinkadzutsa n'komwe mutu lole ikamadutsa. Fumbi linkalowa m'mano. Chitsulo cha lole chinkaotcha moti tinkakhalira manja athu mosinthanasinthana. Nyimbo zimene tinayamba kuimba kumtunda zinafa zokha.

Aphunzitsi okha ndiwo anali osangalala. Anaima atagwira chitsulo, malaya akuuluka, akuloza uku ndi uku. "Ichi si chipululu chenicheni cha m'buku lija," anatero, "koma ndi mbale wake. Yang'anitsitsani, mudzalemba."

Dzuwa lili pamutu, lole inayamba kutsokomola, ndipo inaima pafupi ndi mlambe wina waukulu. Kutsogolo kunkatuluka nthunzi. Dalaivala, bambo wamfupi wa chipewa chamafuta, anati injini yawira. Anadikira pang'ono, nathira madzi a m'chitini chake, koma sanakwane. Atsikana anali atapita kuseri kwa mlambe kukabisala dzuwa, mlongo wanga ali nawo. Anyamata tinaunjikana kutsogolo kuonerera.

"Ali ndi madzi ndani?" anafunsa dalaivala. "Apo ayi tigona pompano, afisi atipeze."

Aliyense anakumbatira chipanda chake n'kuyang'ana pansi. Aphunzitsi anatiyang'ana mmodzimmodzi. Ndakhala ndi zaka zambiri zoti ndipeze chifukwa chabwino cha zimene ndinachita, ndipo sindinachipeze. Sindinaganize za afisi kapena za anzanga. Ndinaganiza zoti kwa zaka ziwiri ndinali ndisanachitepo kanthu m'kalasi kamene wina aliyense sakanachita bwino kuposa ine. Ndinavula luzi paphewa, ndinazula chitsononkho, ndinapereka.

Madzi a amayi analowa m'rediyeta ndi kaphokoso kochepa, ngati munthu akumeza.

"Uyu ndiye mwamuna," anatero dalaivala.

"Mwaona mmene amachitira wamkulu?" anatero aphunzitsi, dzanja lawo lili paphewa langa. Iwo sankadziwa kuti madziwo anali a yani. Palibe anati Agogo. Ena awiri atatu anaperekanso awo. Ndikanama ndikati sindinasangalale. Ndinasangalala kwambiri, ndipo chisangalalocho chinakhala nthawi yokwana kudya nthochi imodzi.

Kenaka panadutsa mayi wina atasenza mtsuko. Dalaivala anamufunsa za madzi, ndipo iye analoza ndi mlomo kumunsi, kumene kunali mtsinje wouma. Anati pokhota pali chithaphwi. "Koma ndi a ng'ombe amenewo. Anthufe timakumba mumchenga kumtunda uko, kutali." Ndinamva mawu amenewo bwinobwino. Ndikulemba kuti asadzapezeke wondichepetsera mlandu: ndinamva.

Dalaivala anandipatsa chitini, popeza tsopano ndinali mwamuna. Chithaphwicho chinali pafupi, mtunda woti munthu akakuwa amveka. Ndiye kuti botolo langa silinkafunika n'komwe. Madziwo anali obiriwira ndi ndere, ofunda ngati mkodzo. M'mbali monse munali mapondedwe a ziboda ndi ndowe, ndipo mavu ankamwa m'mphepete. Fungo lake linali la dzira loola. Ndinadzaza chitini. Ndiye ndinayang'ana botolo lopanda kanthu lija, ndinaganiza za nkhope ya amayi, ndinaganiza za chikwapu cha kukhola. Ndinavula malaya, ndinayala m'munsi mwake pakamwa pa botolo, ndipo ndinasefa madziwo pang'onopang'ono mpaka linadzaza. Galasi lofiirira silionetsa mtundu wa zimene zili m'kati.

Lole itanyamukanso, mlongo wanga anandikoka kabudula.

"Achimwene, ludzu."

Ndinamupatsa. Anamwa kamodzi n'kukwinya nkhope.

"Akununkha."

"Ndi dzuwa. Imwa, ndi a amayi."

Anamwa. Atatha sanandibwezere botolo. Anati ndanyamula nthawi yaitali, tsopano anyamule yekha, ndipo analikumbatira pachifuwa ngati mwana wa chidole.

Tinafika kumishoni dzuwa litapendeka. Paphiripo panali mphepo, ndipo kuseri kwa tchalitchi kunali thanki yaikulu ya madzi a mvula, ozizira, oyera. Ana anathamangira pampopi n'kumamwa ngati mbuzi. Ndinamwa nawo. Ndinauza mlongo wanga kuti awa ndi abwino, abweretse botolo timudzazire. Anapukusa mutu.

"Amayi anati a muno okha."

Apo ndi pamene ndikanatha kunena. Mawu ake anali ochepa, ndipo madzi abwino anali pompo, akutayikira pansi. Ndinaima n'kumamuyang'ana akuzula chitsononkho, akumwa, akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, ichi ndi chimene chimandidzutsa. Pa mlambe paja ndinali wopusa, pa chithaphwi paja ndinali wamantha, koma pa thanki paja ndinali ndi nthawi yoganiza.

Nyumba yoonera nyenyezi inali yaing'ono, yozungulira ngati nkhokwe, ya denga la malata. Wansembeyo anali wokalamba, wonjenjemera manja, wolankhula Chichewa chopindika chimene tinkaluma milomo kuti tisaseke. Kutangoyamba kuda anakankha denga ndi phewa, ndipo linatseguka pakati likulira ngati chitseko chadzimbiri. M'katimo munali chimpope chachitali chopenyetsa kumwamba. Munkanunkha girisi ndi ndowe za mileme. Mwezi unali theka.

Aphunzitsi anatiika pamzere, wamfupi kutsogolo, wamtali kumbuyo. Mlongo wanga anali wachitatu. Anakwera pa bokosi, anatseka diso limodzi ndi chikhatho, ndipo anasuzumira nthawi yaitali moti a pambuyo anayamba kudandaula. Wansembe anawakwezera dzanja kuti amusiye.

"Uli ndi maenje," anatero mwanayo osachotsa diso. "Ngati pamene padutsa ng'ombe m'matope, n'kuuma."

Wansembe anati ndi zoona. Anati mbali zakuda za pamwezi anthu akale ankaziyesa nyanja, koma analakwitsa. Kumwezi kulibe madzi ngakhale dontho, ndi chipululu choposa chimene tinadutsa masana.

"Ndiye ng'ombe za kumeneko zimamwa kuti?"

Onse anaseka, ngakhale wansembe. Ine sindinaseke.

Ndinali womaliza. Ndinawerama, chifukwa bokosi silinkafunika, ndipo ndinaika diso. Ndinaona kuwala koyera kosaoneka bwino ndi nsidze zanga zomwe. Mwina mwezi unali utasuntha, mwina diso langa linali ndi misozi. Aphunzitsi anafunsa ngati ndaona maenje. Ndinati eya, ndawaona. Linali bodza lachiwiri tsiku limenelo, ndipo linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Mpaka lero sindinaonepo maenje a mwezi ndi diso langa. Kuno ku Bradford mitambo ndi magetsi a m'misewu zimabisa kumwamba masiku ambiri, ndipo sindidandaula.

Tinafika kwathu madzulo a tsiku lotsatira. Mlongo wanga anathamangira amayi akulankhula zonse nthawi imodzi, za denga lotseguka, za maenje, za mzungu wonena kuti "ana anga" ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kenaka anapereka botolo monyadira.

"Ndinamwa anu okhaokha. Ena onse amamwa a pampopi, ine ayi."

Amayi anazula chitsononkho n'kufikitsa botolo pamphuno. Analipendeketsa, ndipo timadontho totsala tinagwera m'chikhatho chawo. Anayang'ana m'chikhathomo, anandiyang'ana ine. Anati ndivule malaya achape, ngakhale silinali tsiku lochapa. Botolo analitsuka ndi mchenga katatu. Kenaka anatipatsa chakudya. Ndinadya mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti ndapulumuka.

Patapita masiku anayi mlongo wanga anayamba kutsegula m'mimba, kenaka magazi. Amayi anamubereka kumsana kupita kuchipatala chaching'ono chija, ulendo wa theka la tsiku, ndipo anabwerako ndi mankhwala. Kamwazi analeka, nayambiranso. Mwanayo anayamba kuuma. Manja anakhala ngati timitengo ta thonje tija, koma mapazi anatupa mpaka khungu kunyezimira, ndipo ukadina ndi chala dzenje linkatsala. Kenaka nkhope inatupa, n'kubwera chifuwa. Masana ankamugoneka pamphasa pakhonde. Ndikachoka kusukulu mwanayo ankandifunsa zimene taphunzira, ndipo ankandikonzera masamu ndi chala m'fumbi. Tsiku lina anajambula mwezi ndi maenje ake, n'kundifunsa ngati ndinaona lalikulu lija la m'munsi. Ndinati eya.

Mvula inabwera, anthu anadzala. Anamwalira chimanga chili m'maondo.

Aphunzitsi anabwera kumaliro ndi ana a kalasi lonse. Anaima patali, malaya oyera aja atanyowa. Sanakonzenso ulendo wina, ndipo chaka chotsatira anapempha kusamuka.

Maliro atatha, abale a bambo sanabalalike. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anati pali mawu. Anakhala kuseri kwa nyumba, iwo, amalume, amayi ndi akuluakulu ena awiri. Ine anandituma kubweretsa mipando, ndipo palibe anandithamangitsa.

"Mapazi aja tonse tinawaona," anatero azakhali. "Chifuwa chija tinachimva. Mwana uyu watsemphedwa. Bambo ake ali ku Joni chaka chachiwiri tsopano. Ndiye tiuzeni, alamu, wamutsempha ndani?"

Ine tsempho ndinkalidziwa ngati dzina la matenda basi, monga chikuku kapena malungo. Kubusa palibe amakufotokozera zimenezi. Ndinadabwa kuona amalume, munthu amene sankaopa ng'ombe yamphongo, akutuluka thukuta. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna potulukira, ndipo maso awo anagwera pa ine.

"Iwe unali naye pa ulendo uja wa nyenyezi. Matendawa anayamba mutangobwerako. Anadya chiyani kumeneko? Anamwa chiyani?"

Kwa zaka zambiri ndinkakumbuka funso limenelo ngati msampha. Tsopano ndikudziwa kuti amalume ankafunafuna chingwe choti aponyere amayi, mlongo wawo, ndipo chingwecho chinali m'kamwa mwanga. Ndinaona khola, ndinaona chikwapu, ndinamva anthu akunditchula wopha mlongo wake. Sindikudziwa ngati ndikanalankhula. Ndimakonda kuganiza kuti ndikanatero, koma umboni wonse wa nyengo imeneyo ukunditsutsa. Amayi anayankha ndisanatsegule pakamwa.

"Anamwa madzi amene ndinawiritsa ndekha. Musiyeni mwana."

Amalume anaweramitsa mutu. Azakhali anawomba m'manja kamodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamaliza ntchito.

M'mawa mwake azakhali anandiitana. Anali atagula pepala ndi envelopu, ndipo pabanja lonse wodziwa kulemba amene anatsala ndinali ine. Ananena mawu, ine ndinalemba. "Achimwene, mwana wanu wamkazi tamuika. Wapita ndi tsempho. Inu muli kutali, ndiye mudziwe nokha zimene zikuchitika pakhomo panu." Ndinalemba mosamala, lilime lili panja, osadetsa pepala. Inali kalata yanga yoyamba. Azakhali anati ndili ndi dzanja labwino, ndipo ndinanyadira.

Bambo sanayankhe. Sanabwerenso. Anakhala mtchona, ndipo tinamva patapita zaka kuti anakwatira komweko.

Kuyambira pamenepo amayi sanathirenso mchere m'ndiwo ndi dzanja lawo. Akaphika ankandiitana, "Bwera udzathire mchere." Ndinkaona ngati ndi ulemu umene akundipatsa monga mwamuna wa pakhomo. Kuchitsime akazi ankasuntha mitsuko yawo amayi akafika. Kutchalitchi anasiya kukhala ndi amayi a chigwirizano, ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mwana wa mnansi akadwala, mayi wake ankamuletsa kudutsa pakhomo pathu. Zonsezi ndinkaziona, ndipo ndinkaganiza kuti ndi mmene anthu amachitira ndi munthu woferedwa. Ine ndinapitiriza sukulu. Amalume sanatchulenso za khola. Ndinamaliza pulayimale ndevu zitamera, ndinapeza ntchito ya ukalaliki, ndipo ndi ntchito imeneyo ndinaphunzitsa mwana amene akundisunga lero.

Tanthauzo la tsempho ndinalimva sabata ya ukwati wanga, akuluakulu akundilangiza. Anati mwana akakhala pa ulendo kapena akadwala, makolo amadika, sagonana. Anati mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina, akathira mchere m'ndiwo, amadula ana ake: amatupa mapazi, amatsokomola, amapita. Ankalankhula akuseka, monga amachitira pa malangizo. Ine ndinatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa bafa. Ndi pamene ndinadziwa chimene azakhali anafunsa tsiku lija, ndi chimene dzanja langa labwino linalembera bambo.

Amayi anakhalabe ndi moyo zaka khumi ndi zinayi kuchokera pamenepo. Ndinapita kukawaona kambirimbiri ndi mawu okonzeka. Ndinkawabweretsera shuga, nsalu, nsapato. Ndinawamangira nyumba ya malata. Mawuwo ndinkabwerera nawo. Ndinkadziuza kuti ndikanena ndiwapweteka kawiri, kuti ndi bwino afe osadziwa kuti mwana amene anamumenyera nkhondo ya sukulu ndi amene anawaphera mwana wina ndi kuwachotsera dzina. Ndinawaika m'manda ndikukhulupirira kuti sanadziwe.

Mdzukulu wanga ananyamuka Lolemba lapitali. Dzulo lake ndinaima m'khitchini kutsuka mabotolo atatu aja, ngakhale mwana wanga anati ndi atsopano, safunika. Ndinatsegula loyamba, ndipo ndisanaganize kanthu dzanja langa linalifikitsa pamphuno. Linkanunkha chitsulo ndi pepala la m'sitolo. Ndinaima choncho, botolo lili pamphuno, madzi akutuluka pampopi, mpaka mwana wanga anabwera kudzatseka n'kundifunsa ngati ndikumva bwino.

Munthu amene wawiritsa madzi m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi amadziwa fungo la madzi ake. Ndere sizisungunuka, zimatsala pansi pa botolo, ndipo zimaoneka m'chikhatho. M'munsi mwa malaya anga munali banga lobiriwira, lozungulira, lofanana ndendende ndi pakamwa pa botolo. Zonsezi ndakhala nazo m'mutu moyo wanga wonse, chilichonse pachokha, ndipo sindinalole kuti zikumane.

Pa geti la sukulu, basi yawo yopita ku bwalo la ndege ikudikira, mdzukulu wanga anatenga botolo limodzi lokha, chifukwa chikwama chinali chodzaza. Ndinamuuza kuti akakamva ludzu akamwe madzi abwino alionse amene aphunzitsi awapatse, asakaumirire a m'botolo. Anandiyang'ana ngati ndanena chinthu chodziwikiratu, anandipsompsona patsaya, nakwera.

Ndimabwerera m'maganizo kwa mnyamata uja, ine ndemwe, madzulo aja, atakhala pakhonde wopanda malaya, akudya, akumvetsera mchenga ukukhwekhwereza m'botolo kuseri kwa nyumba. Ankawerenga: kamodzi, kawiri, katatu. Ankaganiza kuti amayi ake ndi aukhondo chabe. Patsogolo pake, akuluakulu atakhala pa mipando imene iye anabweretsa, anamva amayi ake akunena kuti mwana anamwa madzi amene anawiritsa okha, ndipo mtima wake unatsika, nati m'kati mwake, sanazindikire. Anawayang'ana kuti atsimikize. Iwo sanamuyang'ane. Ankayang'ana m'chikhatho chawo chamanja, chopanda kanthu, ndipo mnyamatayo anaganiza kuti mwina alasidwa ndi munga.